Chofunda cha Tereza ndi Jeke ya Fodya

Ndiyambe ndanena kuti chofundacho chilipo, n'chokongola, ndipo munthu wongochiona sangadziwe komwe chidadutsa. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa kwathu kuno ku Nambuma nkhaniyi anthu amaikamba moithira mchere, makamaka mlamu wanga Agnesi, amene akaiyamba amaseka mpaka kugwira nthiti asadafike n'komwe pakati. Ndiye ndati bola ndiulule ndekha mwiniwakene. Kulakwitsa ndidalakwitsadi, sindikana. Koma mumve kaye mpaka kumapeto musadandiweruze.

Ine ndine mlimi wa fodya, ndipo singano si mlendo m'manja mwanga. Zaka zoposa makumi atatu ndakhala ndikusoka. Ndasoka masamba a fodya pokawapachika m'chigafa, ndasoka ziguduli zokutira mabelo. Belo losoka ine silidaphulikepo panjira ya ku okushoni ngakhale kamodzi (mukafunse aliyense wa m'kalabu yathu, kupatula a Kamwendo, amene ali ndi kansanje). Choncho munthu akati sindidziwa kusoka, ndimangomuyang'ana.

Akazi anga, a Nabanda, ali m'gulu la amayi osoka la kutchalitchi kwathu. Kumeneko ndiko adaphunzira chofunda cha zigamba. Amadula tizidutswa ta zitenje tokula ngati chikhatho, n'kumatilumikiza kamodzikamodzi mpaka papezeke nsalu yaikulu yokwana bedi. Mwana wathu wamkazi mmodzi yekhayo, Tereza, atachita chinkhoswe ndi mnyamata wa ku Kasiya, a Nabanda adati mphatso yawo ya paukwati idzakhala chofunda chotere. Mbale ndi mapoto adzapereka ena. Adasoka chaka chathunthu, abale inu. Ngakhale m'dzinja, akaweruka kumunda ankayamba asamba utomoni wa fodya m'manja, n'kukhala pamakina awo opalasa ndi mapazi aja mpaka dzuwa kupendeka. Tizidutswato sitidali togula. Mudali zitenje zawo zakale, mbereko imene adaberekera Tereza, ndi chitenje chimodzi cha malemu apongozi anga. Chinthu chotere chikawonongeka, palibe sitolo yoti ukagule china.

Kutatsala milungu itatu kuti ukwati uchitike, a Nabanda adaterereka pamjigo ndowa ili pamutu, n'kuthyoka dzanja. Lamanja, osatinso lamanzere. Kuchipatala adawamanga chikhakha kuyambira pachigongono mpaka kuzala. Pobwera kumeneko sadadandaule za ululu. Adangofikira kutsegula sutikesi, kutulutsa nsalu yawo ija ndi dzanja limodzi, n'kukhala pabedi akuiyang'ana.

Pakati ponse padali patatha. Chotsala chidali malamba anayi a m'mphepete. Malamba ake ndi nsalu zazitali zopyapyala, m'lifupi ngati dzanja, zimene zimazungulira chofunda chonse kuti chioneke chomalizika. Chitenje chake chobiriwira adali atagula kale, n'kudulamo malambawo. Kenako kuika bulangete lopepuka pakati ndi nsalu ina kunsi, basi.

"Tipite nacho kwa telala," ndidatero ine.

"Telala ali ndi mulu wa zovala za operekeza akwati. Ndiponso iye uja amasoka ngati akuthamangitsidwa."

"Nanga anzanu a m'gulu aja?"

Adapukusa mutu. "Chikalowa m'manja mwa amayi ena, mawa adzati tidamusokera ndife. Ine ndimafuna Tereza adzafunde chinthu chotuluka m'nyumba muno."

Apa ndiye mtima wanga udafufuma. Ndidatambasula manja anga onse awiri pamaso pawo. "M'nyumba muno mudakali manja ena awiri, a Nabanda. Awa."

Adawayang'ana manjawo nthawi yaitali, monga momwe munthu amayang'anira nkhuku yotsika mtengo pamsika. "Bambo a Tereza, ichi si belo."

"Nsalu ndi nsalu, singano ndi singano," ndidayankha choncho. (Mawu amenewa Agnesi amawakonda zedi. Amandipatsa nawo moni mpaka lero.)

Adavomera, koma monyinyirika. Masiku awiri adandiphunzitsa kupalasa makina pa malaya akale ong'ambika. Tsiku loyamba gudumu linkangobwerera m'mbuyo, ulusi dwi, dwi, kudukaduka. Mapazi amene apalasa njinga kuchoka kuno mpaka ku Nsaru atanyamula matumba awiri a mtedza adagonja ndi kachitsulo kapansi pa tebulo! Koma tsiku lachiwiri madzulo ndidasoka mzere wowongoka ngati ndakoka chingwe, mwakuti ngakhale eni akewo adati, "Ha, koma mwayesetsa." Mawu amenewa ndiwo adandipha.

Kenako adandikhazika pansi n'kundipatsa malamulo. "Mvetsetsani. Musayeze m'mphepete. Mphepete imanama, imatamuka. Muyeze pakati pa chofunda, kuchokera uku kukafika uko, ndipo lamba mumudule molingana ndi muyezo umenewo. Mupinde lamba pakati, mupindenso chofunda pakati, mulumikize pakati ndi pakati ndi pini. Kenako mapini kumapeto konse kuwiri, kenako ena pakatikati. Ndipo posoka musakoke. Makina amadzikokera okha."

Ine mutu ndinkagwedeza, koma mumtima ndinkati izi ndi nzeru za anthu opanda chochita. Munthu ukufuna kumanga mpanda, n'kumakayeza pakati pa bwalo? Ife posoka belo ndani adayezapo? Umaika chiguduli, umakoka zolimba, umasoka, chotsala umadula. Ndipo belo lolimba ndi lokoka, aliyense amadziwa.

Mawa lake zala zawo zidayamba kutupa, ndiye kudafunika apite kuchipatala cha ku Kabudula akalijambulenso dzanjalo. Adati akagona masiku awiri kwa mng'ono wawo Agnesi, amene amakhala komweko. Atakwera kale panjinga yamoto adatembenuka. "Chofunda chija musachikhudze mpaka nditabwera, mwamva eti?"

"Muyende bwino, a Nabanda," ndidatero. (Muone bwino apa: sindidalonjeze kanthu. Ndidangoti ayende bwino.)

Fumbi la njinga lisadathe n'komwe, ine ndidali nditakokera kale makina pazenera. Maganizo anga adali abwino, ndikulumbira. Ndinkafuna adzapeze ntchito yatha, adzagwire pakamwa, adzati kodi bambowa ndakhala nawo zaka zonsezi osawadziwa? Tepi yoyezera ndidaisiya m'kabati momwe idali. Mapini ndidangowayang'ana. Ndidatenga lamba woyamba, kumugoneka m'mphepete mwa mbali yaitali, dzanja ili kukoka chofunda mwamphamvu kuti chiwongoke, mapazi n'kuyamba ntchito. Ndidapotozanso kachitsulo kochepetsa masokedwe kuti ulusi uyende mothithikana, poti ine zosoka zophwephwa sindigwirizana nazo. Makina adalira bwino, ine nyimbo ya kwaya ili pakamwa. Nditafika kumapeto ndidadula chotsala. Chidali chochepa kuposa chimene a Nabanda adati chidzatsala, koma ndidati mwina iwowo ndiwo adawerengera molakwika. Ndidatembenuza, n'kusokanso mbali inayo chimodzimodzi.

Nditachiyala pamkeka kuti ndisirire ntchito ya manja anga, ndidayamba ndapukuta m'maso. Malamba onse awiri adali atapotanapotana ngati masamba a mpiru. Ndikawaphwasha ndi dzanja apa, ankatukuka apo.

Munthu wanzeru akadasiyira pomwepo. Koma ine ndidakhala pampando n'kuganiza mwa ulimi. Ndidati vuto ndaliona: ndakoka cholakwika. Ndakoka chofunda m'malo mokoka lamba. Choncho pa mbali ziwiri zazifupi zija ndidasintha nzeru. Chofunda ndidachisiya chigone mwaufulu, lamba ndiye ndidamukoka mpaka mitsempha ya m'manja kuonekera. Nditachiyalanso, kalanga ine! Mbali zimenezo zidali zitakwinyika ngati kukamwa kwa thumba lomanga ndi luzi. Uku mpiru, uku thumba, ndipo pakati ponse padatukuka mwakuti mukadabisapo mwana wa mbuzi osaoneka.

Ndidakoleza makala m'simbi. Ndidasita, kusita, kusitanso, thukuta lili kamukamu. Ndikasita pano chotupacho chinkathawira kutsogolo, ndikachitsatira chinkabwerera pomwe ndachoka. Makala adatha kawiri. Chofunda osamva.

Nthawi imeneyo ndi pamene adatulukira a Kamwendo, anansi anga, kudzatenga jeke ya kalabu. Kwa inu osalima fodya: jeke ndi chitsulo chimene timadindira fodya m'bokosi lamatabwa, kumupanikiza mpaka mulu waukulu usanduke belo lolimba. Chaka chimenecho womaliza kudinda ndidali ine, ndiye jeke ndi bokosi lake zidali zidakali m'chigafa mwanga. A Kamwendo adasuzumira pakhomo, kuona chinthu chili pamkekacho, n'kuvula chipewa ngati afika pamaliro.

"Achimwene, ichi ndiye chiyani?"

Ndidawafotokozera. Iwo adazungulira mkeka kawiri. Ndipo pamene ankatchula za jeke imene adadzera, ine m'mutu mudangoti ngwee, kuwala.

"A Kamwendo," ndidatero pang'onopang'ono, "kodi pali chinthu chimene chidalowa m'bokosi lija n'kutulukamo chotupa?"

Adandiyang'ana, nkhope yawo n'kuyamba kumasuka. "Palibe, achimwene. Chiyambire."

Amuna awiri akuluakulu, a zidzukulu kumbali ya a Kamwendo, tidagwirana chanza pa nzeru imeneyi. Tidachiwaza madzi monga timachitira fodya akauma kwambiri kuti afewe. Tidachipinda bwinobwino. Kuti chisade ndi matabwa, tidayala chiguduli pansi, china pamwamba (ziguduli zake zomwe zija zidakutapo fodya, poti zatsopano tikadazitenga kuti). Tidaika matabwa, n'kuyamba kupukusa jeke mosinthana. Ine ndikatopa a Kamwendo, iwo akatopa ine, mpaka bokosi lidayamba kulira. A Kamwendo adaonjezera kawiri kena, amvekere, "Aka n'ka ulemu wa mkwatibwi." Tidachisiya momwemo mpaka mawa lake masana.

Pochitulutsa, ndikuuzeni zoona, kwa kamphindi ndidadziona ngati munthu wamkulu kwambiri m'dera lonse la Nambuma. Chidatuluka chophwatalala, cholimba, cha ngodya zakuthwa ngati buku la nyimbo. Koma titachitambasula, mayo ine! Zotupa zija sizidachoke. Zidangosanduka makwinya akuthwa, mazanamazana, odindika ngati adabadwa nacho. Madzi aja adasungunula utoto wa fodya wa m'ziguduli, ndiye pa tizigamba toyera padali madontho ofiirira ndi timizeremizere ta chiguduli. Nanga fungo! Mukadatseka maso mukadati muli pakati pa chigafa mwezi wa Epulo.

A Kamwendo adakhosomola. "Achimwene, ine mbuzi zanga sindidazimwetse madzi." Adanyamula jeke ija paphewa, ulendo. Bokosi adati adzatuma ngolo.

Ndidachiyanika pachingwe kuseri kwa chigafa kuti chipitidwe mphepo, ndikuwerengera kuti ndidakali ndi tsiku lina lathunthu loganiza. Koma madokotala adali atawamasula a Nabanda msanga. Dzuwa lisadapendeke ndidamva njinga ziwiri zamoto zikuima pabwalo. Adabwera ndi Agnesi, kudzathandiza zokonzekera ukwati.

Agnesi adangotsika n'kununkhiza m'mwamba. "Alamu, kodi fodya simudamalize kugulitsa?"

"Ndi kafungo kotsalira chabe," ndidatero, nditaima pakati pa iwo ndi chigafa, miyendo nditatangadza.

Koma mphepo ilibe chibale. Idakupiza ngodya imodzi yobiriwira n'kuionetsa kuseri kuja. Onse awiri adandilambalala. Agnesi atachiona, n'kumva kuchokera pakamwa panga pomwe kuti chagona m'bokosi la jeke, adakhala pansi padothi, miyendo tambalale, kuseka mpaka misozi. "Alamu! Mwadinda chofunda? Mumati mukachigulitse giredi yanji?"

A Nabanda sadaseke. Sadakalipenso. Adayandikira chingwe chija, n'kuyendetsa dzanja lawo lamanzere pa tizigambato mpaka lidaima pa kachidutswa ka chitenje cha malemu amayi awo. Pomwepo padali dontho lofiirira lalikulu ngati chala chachikulu. Adalisisita kawiri. Kenako adati, motsitsa mawu, "Chaka chathunthu." Adapita kukakhala pakhonde, chikhakha chili pamiyendo, misozi ikungotsika popanda phokoso. Agnesi kuseka kudamuthera pakhosi.

Ine pa zaka makumi atatu ndi chimodzi za banja ndakalipiridwapo kambirimbiri, ndipo zambiri mwa izo ndidaziyamba dala. Koma manyazi ndi chisoni cha tsiku limenelo sindidazimvepo. Ndidaona kuti chimene ndapanikiza m'bokosi muja si nsalu ayi, koma chinthu chokhacho chimene mkazi wanga ankafuna kupatsa mwana wake pamaso pa anthu. Ndidavula chipewa n'kukanjuta patsogolo pawo, Agnesi akuona.

"Pepani, a Nabanda. Ndalakwa."

"Ndidati musachikhudze."

"Mudaterodi."

Nkhuku zidadutsa pakati pathu. A Nabanda adapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Pali chigamba chimene mwadula?"

"Ayi, ndadula malamba okha."

"Ndiye katengeni lezala. Ukwati watsala milungu iwiri."

Apa ndiye padayambira sukulu yeniyeni. Kumasula zimene ndidasoka kudanditengera masiku atatu. Masokedwe othithikana aja, amene ndinkanyadira, ndidawadula umodziumodzi ndi nsonga ya lezala, maso ali pafupi ndi nsalu, kuopa kucheka chigamba. Ntchito yake inkafuna kuwala, ndiye ndinkaigwirira pakhonde, m'mbali mwa njira yopita kumsika. A Kamwendo adali atafalitsa kale uthenga (mbali yawo ya kupukusa jeke adaiiwala). Amuna opita ku bawo ankaima. "Kodi mwatsegula shopu ya utelala? Ndibweretse buluku langa?" Wina amvekere, "Ikani chikwangwani: timasoka ndi kudinda!" Tsiku loyamba ndinkayang'ana pansi. Lachiwiri ndinkayankha moni. Pofika lachitatu ndidamuuza mmodzi kuti abwere ayese kudula ulusi umodzi osaboola nsalu, ndipo adakumbukira kuti akuchedwa.

Kenako kuchapa. Ndidachapa ndekha m'bafa, madzi ozizira, katatu, osafinya. Pamadontho paja a Nabanda adandiuza ndifinyirepo mandimu. Tidachiyala pa udzu pamthunzi kuti chiume chitagona. Madontho adachoka pafupifupi onse, ndipo la pa chitenje cha apongozi lija lidazilala mpaka kutsala kamthunzi koti uchite kukafunafuna. Kusita adati ndizingoika simbi n'kunyamula, osakhwekhwereza ngati ndikupala matabwa.

Tsopano idafika nthawi ya tepi. Ndidayeza pakati, monga adanenera tsiku lija. Adati ndiyezenso. Ndidayezanso. Kenako adati, "Tsopano tengani lamba wanu wamtali uja mumuyeze." Abale, lamba amene ndidasokerera adali wotalika kuposa chofunda ndi zala zisanu ndi chimodzi. Nsalu yonseyo ndidaikanikizira m'mphepete pokoka paja. Ikadapita kuti, kupanda kupotana? Agnesi, amene ankasenda mtedza chapatali, adangoti, "Safunsa adadya phula, alamu. Koma inu ndiye mudauzidwa, n'kudyabe."

Malamba aafupi aja adali ndi vuto lina. Popeza ndidawadula ali okokedwa, tsopano sankafikanso kungodya. Chitenje chidali chitatha, ndipo Agnesi atakafufuza kumsika sadapeze chofanana nacho. Ine mtima udagwanso. A Nabanda adaganiza pang'ono, n'kuti, "Tiika zigamba zinayi, chimodzi pangodya iliyonse. Katengeni malaya anu abuluu aja."

"Amene ndimapita nawo ku okushoni?"

"Omwewo."

"Koma a Nabanda, malaya amenewo ndi..."

"Mlandu umalipidwa, bambo a Tereza."

Ndidawadula ndekha kumsana, ndi sizasi yawo, iwo akuloza.

Kusoka kwachiwiri kudayenda motere. Ine pamakina, mapini ali pakamwa. Iwo pakampando pambali panga, dzanja lamanzere lili chire. Pakati ndi pakati, pini. Kumapeto, pini. Ndikangoyamba kukoka, chifukwa manja a mlimi samva msanga, ankandimenya pankhonya, phwa! "Musakoke!" Tsiku limodzi ndidamenyedwa kasanu ndi kawiri (ndinkawerenga). Koma pakati pa kumenyako ankandiuza za tizigamba timene tinkadutsa pansi pa singano. Aka n'ka chitenje chimene ndidavala pobatiza Tereza. Aka mudandigulira inu chaka chimene fodya adakanidwa kawiri, mukukumbuka? Ine sindinkakumbuka n'komwe kuti ndidagulapo chitenje chaka chimenecho. Ndinkangoti tidavutika basi.

Titamaliza lamba wachinayi tidachiyala pamkeka. Chidangoti thyathyathya, kugona ngati chamva mawu. Popanda mpiru, popanda thumba. Ndidachizungulira katatu, ndidagwada kuchiyang'ana cham'mbali ngati ndikuyang'ana mizere ya m'munda. Ndidaitana Agnesi adzaone, ndidaitananso mayi wina wongodutsa ndi nkhuni pamutu.

Ndipo imvani izi, chifukwa Agnesi akamakamba amazidumpha. Pomaliza pamafunika kumanga nsalu zitatu zija pamodzi, chapamwamba, bulangete ndi chapansi, poboola ndi singano yaikulu n'kumanga mfundo pangodya ya chigamba chilichonse. Imeneyo ndiye ntchito yanga yobadwa nayo! Ndidamanga mfundo zonse tsiku limodzi, zofanana ngati mapasa. A Nabanda adayesa imodzi ndi chala, n'kuti, "Apa pokha ndiye kokani." Ndidakoka ndi mtima wonse. Kuyambira tsiku la lezala kufika pamenepa adali masiku asanu ndi anayi.

Tsiku la ukwati, itakwana nthawi ya mphatso, woyendetsa mwambo adaitana amayi anayi kuti agwire ngodya. Atachitambasula pamaso pa anthu, nthungululu zidabuka mbali zonse ziwiri, kwathu ndi kwa a ku Kasiya. Chidalendewera chowongoka ngati chitseko cha tchalitchi. Amayi a m'gulu losoka adadzuka kukachiyang'ana pafupi, kutembenuza m'mphepete, kufunafuna cholakwika. Sadachipeze.

"Ntchito ya manja a mayi a mkwatibwi!" adakuwa woyendetsa mwambo.

A Nabanda adaimirira, chikhakha chili pachifuwa, n'kupempha chimkuzamawu ndi dzanja lamanzere. Ine mumtima ndidati basi, jeke ija ikutuluka pano.

"Pakatipo ndasoka ndine," adatero. "Koma malamba mukuwaonawo, ndi mfundo zonsezo, asoka ndi bambo ake a Tereza. Ndi manja awo, pamakina anga."

Wina adaseka, wina adaomba m'manja, mpaka bwalo lonse lidagwedezeka. Kumbuyo ndidamva mawu a a Kamwendo: "Inenso ndidathandizako!" Tereza adanyamuka pampando wa akwati ndi chovala chake choyera, kufika pachofunda, kugwira ngodya imodzi. Adaiyang'ana, n'kundiyang'ana ine. "Ababa, awa si malaya anu aja?" Ndidangogwedeza mutu kuvomera. Adalira mwana uja mpaka amayi omukongoletsa adayamba kudandaula za ufa wa kumaso.

Ndidaimirira, ndidakweza chipewa kumbali zonse zinayi. Sindibisa, ndidanyada. Ngakhale tsiku limene fodya wanga adagulidwa pamtengo wapamwamba sindidayende mokhathamira chonchija.

Pambuyo pake asewere anga aamuna, bambo a mkwati, nawonso mlimi wa fodya, adapita kukachigwira. Ndidawaona akuweramira pafupi, mphuno ikugwedera. Adabwera kudzandinong'oneza. "Asewere, kafungo aka ndikukadziwa."

"Kamathamangitsa njenjete, asewere," ndidatero osaphethira. Adandigwira chanza mwaulemu waukulu, amvekere nawonso akayesa kwawo.

Alendo atabalalika, mawa lake masana tidakhala awiriwiri pakhonde, pabwalo pali mbwee mapepala a maswiti ndi mapazi a anthu. Nyumba idali zii popanda Tereza. A Nabanda adati, "Mukudziwa, mukadandimvera tsiku loyamba lija, ntchito ija idali ya masiku awiri."

"N'zoona," ndidavomera.

"Koma tandiuzani. Zaka zonsezi, mudakhalapo nane pansi masiku asanu ndi anayi, inu chete, ine ndikulankhula?"

Ndidafufuza m'mutu. Kulima talimira limodzi, koma aliyense pamzere wake. Kutchalitchi timapitira limodzi, koma iwo mbali ya amayi, ine ya abambo. Tsiku lotero sindidalipeze ngakhale limodzi.

"Ndiye ine sindikudandaula," adatero, akuyang'ana kumsewu. "Dzanjali lidathyoka bwino."

Munthu wamutu wabwino akadatolapo phunziro loti akazi ako akanena, uzimva. Ine zikuoneka kuti ndidatolapo lina, loti ukalakwitsa chinthu, a Nabanda amabwera ndi kampando kawo kudzakhala pambali pako. Mwezi wathawu ndidakhoma chitseko chatsopano cha kukhitchini, ndidangoyeza ndi maso. Chidakana kutseka, chidatsala zala zitatu. Ndidawaitana mokondwa, kampando ndidachita kuwatengera ndekha. Adachiyang'ana chitsekocho, adandiyang'ana ine, n'kupita kukaitana kalipentala. Ine ntchito yanga idali yomugwirira misomali.